Mpando wa Alamu Araba

Ekow Bentsil ankapukuta mipando yapulasitiki imene anabwereka kutchalitchi. Ina inali yong'ambika kumsana, koma chobwereka sasankha.

Zaka zam'mbuyomu, msonkhano wapachaka wa kampani yawo yopanga sopo unkachitikira kuhotela yam'mbali mwa nyanja ku Takoradi konkuno, mbuzi zikuwotchedwa, malipenga akulira. Chaka chino mafuta a kanjedza anakwera mtengo, ndalama inagwa mphamvu, makina ena anaima. Ekow, amene ntchito yake inali kukonza misonkhano ya kampani, anauzidwa kuti aukonzere m'nyumba yosungiramo katundu, masana, kuopa kuyatsa jenereta. Mpunga ndi nkhuku anaziiwala. Anaitanitsa kenke, nsima yowawasa yokulunga m'masamba, tinsomba tokazinga ndi madzi am'timapepala.

Anauzidwanso kuti akonzere theka lokha la antchito.

Aliyense anamva tanthauzo lake. Mphekesera yoti anthu achotsedwa ntchito inali itayenda kwa miyezi. Kampani yolephera kugula dizilo singataye chakudya pa munthu woti ikumupitikitsa. Choncho amene akapitawo awo anawanong'oneza kuti abwere Lachisanu anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, enawo mitu ili pansi.

Araba sananong'onezedwe. Iyeyu anali mkazi wa malemu mkulu wake wa Ekow, ndipo ntchito yake inali yokuta sopo m'mapepala. Anali ndi ana atatu, wamkulu ali kusekondale. Sanadandaule. Anangofunsa ngati Ekow akudziwako munthu wofuna wochapa zovala.

Ekow anadikira mpaka Mayi Quansah, mkulu woona za antchito, atabwera kudzayendera malowo. Anawatsata kuseri kwa makatoni.

"Bwana, ndili ndi pempho. Alamu anga a Araba akhale nawo Lachisanu."

Mayi Quansah anamuyang'ana nthawi yaitali. "A Bentsil, mukudziwa chimene mukupempha?"

"Ndikudziwa zonse, bwana. Mipando ndaika ndine."

"Mwakambirana ndi eni ake?"

"Takambirana. N'zimene akufuna."

"Chiwerengero sichisintha. Akalowa iwo, wina atuluka."

Ekow anagwada pa simenti, bambo wa imvi zake. "Atuluke wina, bwana. Ineyo sindinakupemphenipo kanthu chiyambire."

Amene anatulutsidwa anali Kobina, woyendetsa galimoto yonyamula makatoni. M'mawa wa Lachisanu anaima pakhomo la nyumba ija, manja ali m'thumba.

"Akulu, ndamva kuti mpando wanga mwapatsa abale anu. Mudye bwino kenke wanuyo. Mkazi wanga ali ndi pakati, mukudziwa inu."

Ekow sanadzutse mutu. Anapitiriza kupukuta mpando woyera kale. Ankadziwa kuti chimene wachitacho n'choipa, ndipo ankadziwanso kuti atapatsidwa mwayi wina akanachitanso chomwecho. Masiku ano mu mzindamu munalibe kolowera. Kudoko ankachotsa anthu, kufakitale ya matabwa anatseka, amene anapita ku Accra ankabwerako ndi chikwama chomwe anapita nacho.

Anthu anayamba kufika dzuwa lili pamutu. Araba anabwera atavala nsalu yake yakutchalitchi, duku lili neng'a.

"Alamu, ndiye phwando lake ndi limeneli? Ngakhale maluwa apulasitiki osabwereka?"

"Khalani apa, alamu, pafupi ndi zenera. Fani palibe."

Araba anamugwira dzanja, nalifinya. "Achimwene anu kumene aliko akuona," anatero motsitsa mawu, n'kukhala.

Chakudya chinagawidwa msonkhano usanayambe, monga Mayi Quansah analamulira. Anthu ankadya mwakachetechete, osafuna kuti kuseka kwawo kumveke kwa anzawo amene anali pa makina kuseri kwa khoma. Ekow anayendera mizere yonse. Chakudya chinakwanira ndendende, palibe chotsala, palibe wosowa. Pa zaka zake zonse sanakonzepo msonkhano wotsika mtengo chonchi. Anakoka mpando wakumapeto kuti naye akhale.

"A Bentsil," anaitana Mayi Quansah ali pakhomo. "Inu ayi. Tabwerani kuno."

Anthu anasiya kutafuna, ena n'kuyang'ana kumbali. Ekow anazindikira tsopano kuti iye mwini palibe anamunong'oneza kuti abwere. Anangoganiza kuti wokonza phwando saitanidwa. Kampani yopanda maphwando ingasungirenji munthu wa maphwando? Ali ndi zaka makumi asanu, akanapita kuti?

Anacheuka. Araba anali ataimirira, dzanja lili pakamwa. Ekow anamukodola kuti akhale pansi. Bola pabanja pawo patsale mmodzi wolandira malipiro. Ana a mkulu wake sasiya sukulu.

Ekow atatuluka, alonda awiri anakankha chitseko chachitsulo n'kuima kutsogolo kwake. Ekow anaongola kolala, nakonzeka kumva.

"Mwagwira ntchito yabwino," anatero Mayi Quansah. "Bwana wamkulu wakondwa. Kuuza munthu mmodzimmodzi kuti ntchito yamuthera kukanatitayitsa sabata yathunthu ya ntchito. Chonchi tithana nawo onse kamodzi, atakhuta."

Ekow anacheukira chitseko chotsekedwa chija.

"Bwererani ku ofesi, inu ntchito ikadalipo. Koma za alamu anu zandikhumudwitsa. Mayi uja ndi wolimbikira, ndinafuna kumusunga. Mukanapanda kundigwadira, sindikanamulowetsa m'chipinda chimenechi."