Yunifolomu Yakale ya Ireen

Panali mayi wina pa Chitakale ku Mulanje, dzina lake Ireen, namwino wa kuwodi ya amayi obereka pachipatala china. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo inachitika namondwe wa Freddy atangodutsa kumene, anthu ali m'makampu atataya zonse.

Loweruka lina Ireen anakhuthula zovala za m'wadiropu. Zomukwana anabwezeramo, zothina anaunjika pamphasa kuti apatse ovutikawo. Pansi penipeni anapeza yunifolomu yake yakale yoyera, imene inayamba kumuthina atabereka Kondi, mwana wake wachiwiri. Pachifuwa panali dzina lake lopetedwa ndi ulusi wabuluu.

Mwamuna wake Morton, kapitawo wa kumunda wa tiyi, anaiona pamulupo.

"Imeneyo musapereke, amake Kondi. Ibwezeni kuchipatala, apo ayi muidule ikhale chokolopera."

"Nsalu yolimba chonchi ndiidule, anzathu akugona ndi chitenje chimodzi?"

"Perekani zinazo. Iyo si chovala wamba."

Ireen anaichotsa n'kuikoloweka pampando.

Lolemba, Morton ali kuntchito, kunabwera mayi wina waulemu wake, atanyamula saka ndi kalata yokhala ndi chidindo. Anati ndi Diana, akutolera zovala m'malo mwa bungwe lothandiza okhudzidwa ndi namondwe. Ireen sanaiwerenge kalatayo. Anangotulutsa mulu uja. Koma maso a mlendoyo anali pampando.

"Nanga iyo, amayi?"

"Iyo abambo akunyumba kuno akaniza."

"Ife tili ndi telala wathu. Pamenepo patuluka malaya awiri a ana a sukulu. Pofika mawa ikhala itadulidwa kale."

Ireen anaipinda yekha n'kuiponya m'saka. Sanamuuze mwamuna wake.

Patatha sabata ndi theka, Ireen ali pa tchuthi cha tsiku limodzi, akuchapa kuseri kwa nyumba, galimoto ya apolisi inaima pakhomo.

"Ndinu a Ireen? Mwana ali kuti?"

"Kondi? Ali kusukulu."

"Tikunena khanda limene mwatenga kuwodi m'mawa uno."

M'galimoto ndi momwe anamva zonse. Hawa, mtsikana wa ku Likhubula, anali atabereka mwana wake woyamba dzulo lake. M'mawa umenewo, amayi ake atapita kukaphika phala, kunalowa namwino wovala masiki, nati khandalo likufunika kukayezedwa sikelo. Hawa anawerenga dzina la Ireen pachifuwa, n'kupereka mwana. Ola linatha, palibe anabwera.

Pachipatala anapeza anthu atadzaza pageti. Mwala unagunda chitseko cha galimoto. Apolisi anamulowetsa Ireen atamuzinga, mpaka pabedi la Hawa.

"Ndi awa?" anafunsa wapolisi.

Hawa anamuyang'anitsitsa. "Nkhope inali yobisika. Koma msinkhu wake ndi womwewu. Amayi, ndibwezereni mwana wanga, sindikuimbani mlandu."

Ireen anafotokoza za Diana ndi saka lake.

"Bungwe lake liti?"

Sanalidziwe.

"Nambala yake ya foni muli nayo? Alipo anaona mukupereka?"

Panalibe.

Morton anafika ali wefuwefu. Atafunsidwa ngati akudziwa zoti yunifolomuyo inaperekedwa, anayang'ana mkazi wake kaye, kenako pansi.

"Ine ndinawauza kuti asapereke. Zoti anapereka ndikuzimvera pompano."

Wapolisi anatseka kope lake. Ireen anagona m'chitokosi masiku awiri, akuganiziridwa kuti anachita upo ndi wakubayo.

Tsiku lachitatu, wakabaza wina wa pa Muloza, dzina lake Pilato, ananyamula mayi amene amafuna kuwolokera ku Milange, ku Mozambique, kudzera njira yachidule. Khanda linali kumbuyo likulira mpaka mawu kusasa.

"Amayi, ndiime kuti muyamwitse?"

"Palasani, ndachedwa."

Linaliranso. Pilato atacheuka anaona mayiyo akulidonthezera madzi a shuga ndi chivindikiro cha botolo. Nkhani ya mwana wobedwa anali ataimva pawailesi. Pamphambano anasiya njira yachidule n'kulunjika kumene kumakhala apolisi a pachipata cha m'malire.

"Mukupita kuti? Njira si iyi."

"Uko kwakokoloka ndi madzi, amayi."

Mayiyo atazindikira, anadumpha panjinga kuyamba kuthawa, koma amayi ogulitsa nthochi anamugwira. Anali Diana uja, ndipo yunifolomu inali m'chikwama mwake. Anaulula kuti kwa miyezi isanu ndi inayi wakhala akunamiza mwamuna wake wa kutsidya kuti ali ndi pakati.

Khandalo linafika kuchipatala lili lefu, ndipo linakhala padiripi masiku anayi lisanayambe kuyamwa bwino. Ireen anamasulidwa, koma kuntchito anamuimitsa kaye podikira kafukufuku.

Patapita mwezi anapita ku Likhubula kukapepesa. Anagwada pabwalo. Hawa anatuluka, mwana atamufumbata pachifuwa, koma sanayandikire.

"Ndamva kuti si inu munaba," anatero. "Koma tsiku la katemera wa mwanayu ladutsa. Kawiri konse ndabwerera pageti la chipatala. Ndikangoona munthu wovala zoyera akubwera, ndimathawa naye mwanayu. Zimenezo mundikonzera bwanji?"

Ireen anakhalabe chogwada mpaka Hawa analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Phunziro: Kupatsa n'kwabwino, koma si chovala chilichonse chimene chili chopereka. Yunifolomu ya unamwino, ya ulonda kapena ya mpingo imatsegula makomo amene munthu wamba sangalowe. Ikatha ntchito, ibwezeni kwa eni ake kapena iduleni ndi manja anu. Wobwera kudzatolera thandizo mufunseni bwino kumene wachokera, ndipo mnzanu wa m'nyumba akakuchenjezani, musachite zinthu kumbali. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi asanakhuthule mawadiropu awo.