Mpira wa Masitika

Mpira wanga wa masitika unapulumuka m'thumba n'kugwera m'makina ogaya zinyalala, ine ndikuona.

Miyezi itatu ndikuuwumba! Ntchito yathu ku West Bromwich kuno ndi kuima pa lamba woyendetsa zinyalala, kutola pulasitiki m'zakudya zowola zisanapite kukasanduka manyowa. Ine timasitika ta pa maapozi ndi nthochi ndinkatimata pamodzi, mpaka mpirawo unafika ngati papaya. Pulani inali yoti tsiku lina ndikakongoletse nato galimoto ya Steve, supavaiza wathu.

Makina anangoti khwaa, timasitika mbwee mu mulu wonse wa sabata ino. Pulasitiki siwola, ndipo alimi akaona kamodzi kokha amabweza lole yonse.

Steve anazimitsa lamba n'kuyang'ana Anti Zelipa. Iwo amaima kumapeto, chilichonse chodutsa mlandu ndi wawo. Warning yomaliza anawapatsa kale. Ndi iwonso anandipezera ntchitoyi.

Anti anavula magolovesi, n'kugwada m'zowolazo, kumatola kamodzikamodzi.

"Wongani mwanawe, zadutsa bwanji? Kapena maso angawa atha?"

"Anti, dzukani, n'zambiri izi."

"Ndidzuke ndipite kuti? Tathandize kutola, iwe!"

Steve anatulutsa foni kuimbira ejensi yotilemba ntchito kuti mawa atumize munthu wina m'malo mwa Anti. Ndinatsegula pakamwa, koma Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinangomulanda foniyo ndi manja onunkhawo.

"Name of the worker, please?" anafunsa mayi wa ku ejensi.

Ndinatchula langa.