Chisakasa cha M'dambo

"Chaka chino sindibwera, bambo Tjaden," anatero Marlys pafoni. "Tayamba kuyendera mafamu pazithunzi za setilaiti. Kwanuko zonse zili bwino, palibe chomwe mwaphwanya."

A Orval Tjaden anayang'ana chitumbuwa cha maapozi chomwe chinkazizira patebulo, pambali pa makapu awiri.

"Nanga setilaiti yakoyo imamwa khofi?"

Marlys anaseka, n'kupepesa, n'kudula foni.

Mayiyu ankagwira ntchito kubungwe loteteza malo. Akazi awo atamwalira, a Orval anapangana ndi bungwelo kuti famu yawo ya ng'ombe ku Montana, m'dziko la America, isadzadulidwe mapuloti mpaka kalekale. Ana awo, omwe ankadikira kudzaigulitsa kwa omanga nyumba, anakwiya n'kusiya kupondako. Mlendo amene anatsala anali Marlys yekha, wobwera kamodzi pachaka kudzaona ngati pangano likusungidwa. Ankazungulira limodzi mpanda wonse pagalimoto, nkhalambayo ikulongolola za ng'ombe, za chisanu ndi za malemu akazi awo a Doreen mpaka dzuwa kupendeka.

A Orval anavala chipewa, n'kulonga matabwa ndi malata akale m'galimoto, ulendo wa kudambo, komwe pangano linaletsa kukhomako ngakhale msomali umodzi.

Anaimika chisakasa pamtetete penipeni, denga lake n'kulipaka penti yofiira psuu. Atamaliza anavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba.

"Jambula bwino, iwe! Ukandinenere kuti ndaphwanya pangano, Marlys abwere adzandikalipire."

Pobwerera anadzera kumunda kukathyola maapozi ena.