Botolo la Kamvuluvulu

Kamvuluvulu anatsegula boneti ya takisi yake pakati pa galaja, n'kuika hamala padenga la galimotoyo.

"Alamu, nali botolo mumalinyoza lija. Liyezeni. Mukapeza kuti ndi lakufa, hamala ndi iyo, muliswe nokha. Koma likapezeka lamoyo, mundigwadire pompano anthu akuona."

Madalaivala amene ankadikira kukonzetsa magalimoto awo anasendera pafupi. Mkangano waulere ndani angaukane?

Wamagetsi, mwini galajayo, anapukuta manja. Mkazi wa Kamvuluvulu anali mlongo wake, koma amuna awiriwa sankamwerana madzi. Chidanicho chinayamba tsiku lomwe Kamvuluvulu, amene dzinali analipata chifukwa cha liwiro, anagubuduza galimoto pakona mkazi wake ali momwemo. Iye anatuluka wopanda ndi kabala komwe. Mkaziyo anatuluka kuchipatala ndi chitsulo m'mwendo, ndipo mpaka lero amatsimphina. Wamagetsi sanakhululuke, ndipo sankabisa.

Botololo linali lagalasi, lakukamwa kwakukulu, lomangidwa ndi mphira pambali pa injini. M'kati munali madzi osakaniza ndi soda, ndi tizitsulo tosachita dzimbiri timene Kamvuluvulu anadula pa thireyi ya mkazi wake. Mawaya awiri ankachokera kubatire, ndipo kapaipi kankalowera ku injini. Mwiniwake ankati magetsi amang'amba madziwo n'kutulutsa mpweya wa haidrojeni, injini n'kumadya mpweyawo m'malo momeza petulo yekhayekha. Kapangidwe kake sankauza munthu.

Chowawitsa mutu n'chakuti petulo ankakhalitsadi. Zimenezi aliyense ankaziona. Anzake akamapita kawiri kukathira mafuta, iye nthawi zina ankapita kamodzi, ndipo matama ake ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Botololo ankalilera ngati khanda. Poopa kuti lingasweke kapena madzi angakhavukire mu injini, ankanyamuka mwaulemu, kuponda buleki kukali kutali, pabampu n'kumachita ngati wasenza mazira. Madalaivala ankamuseka kuti masiku ano ngakhale njinga zikumupitirira.

Mkazi wake anaima pakhomo la galaja nkhope ili gwa. Ankagwedeza makiyi a kunyumba monga ankachitira akapsa mtima, kanthu kofiira kapulasitiki kakulendewera pakati pake.

"Thireyi yanga yabwinobwino kuisandutsa zinyalala!" anatero mokweza. "Ndinanena ine kuti chimenechi chichoke. Koma bambo awa ukati siyani, ndiye wawauza kuti gwiritsitsani."

"Khala chete, mayi iwe, za sayansi sizikukukhudza," anayankha Kamvuluvulu, n'kuliza injini.

M'botolo munayamba kutuluka thovu. Madalaivala anati haa! Kamvuluvulu anapinda manja pachifuwa.

"Thovu si umboni," anatero Wamagetsi. "Injini ikamakoka mpweya pakapaipi, ngakhale madzi a m'chithaphwi amabwata. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, alamu."

Anatenga mita yake yoyezera magetsi n'kuwerama. Tsikuli analidikira nthawi yaitali. Sankafuna botolo lokha. Ankafuna kuona munthu amene anapundula mlongo wake atachita manyazi pamaso pa anzake, ngakhale kamodzi kokha. Anagunditsa mawaya a mita pazitsulo za pachivundikiro. Kenako anatsatira waya wofiira ndi chala, kuchoka pabotolo mpaka pakabokosi kakuda pafupi ndi batire, n'kukatsegula. Anakhala chiweramire.

Mlongo wake anatsimphina n'kudzatsamira galimoto pambali pake, makiyi akulira pafupi ndi mphuno yake.

"Fulumirani achimwene," anatero. "Mwendowu ukundiwawa."

Wamagetsi anayang'ana makiyiwo, n'kuyang'ananso mwendowo. Anatseka kabokosi kaja pang'onopang'ono. Atadzuka, nkhope yake inali ngati ya munthu amene wamwa mankhwala owawa.

"Likugwira ntchito," anatero ndi mawu apansi.

"Sitinamve! Kwezani mawu, amisiri!" anakuwa Kamvuluvulu.

"Ndati likugwira ntchito."

Galaja yonse inaphulika ndi malikhweru. Kamvuluvulu analoza pansi ndi chala, pamalo pomwe panali oilo wakuda. Wamagetsi, munthu wa imvi, anagwada pomwepo. Mlamu wakeyo sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Anamuzungulira akuseka, akuuza anthu kuti ena amangonyamula mita koma m'mutu muli mdima. Anatenga hamala ija n'kuiponya pamapazi pake.

"Isungeni, alamu. Mudzaswere mita yanuyo."

Anatseka boneti mosamala ngati akufunditsa mwana, n'kulowa m'galimoto. Mkazi wake anati iye atsalira pagalajapo, mwendo upume kaye. Takisi inatuluka pageti mwakachetechete, inatsika kabampu ka pakhomo tayala limodzilimodzi, n'kulowa mumsewu ikukwawa. Madalaivala anabalalika akusekabe.

Wamagetsi anapukuta mawondo ake. Kenako anafunsa mlongo wake mokwiya, osamuyang'ana n'komwe.

"Fyuzi yopititsa magetsi kubotolo unaichotsa liti m'kabokosi kaja?"

Mkaziyo anakweza makiyi, kanthu kofiira kaja kakuzungulira m'mwamba.

"Tsiku lomwe anamangirira botololo. Botolo lija silinalawepo magetsi. Koma chiliikireni, bambo aja sanathamangenso, ndipo ine, achimwene, mwendo wanditsalira ndi umodzi."