Dzina la mwana wa m'chisa cha Timba

Padangokhala Timba, kambalame kochepetsetsa m'thengo monse, amene anapeza dzira lachilendo m'chisa mwake. Sanalitaye. Analifungatira, ndipo munatuluka chimwana cha njala yosatha. Posakhalitsa chinamupitirira msinkhu, moti pochidyetsa ankachita kuima pamsana pake.

Mwana atamera nthenga, kunatulukira Nakuku, mbalame yotuwa ya mizeremizere pachifuwa, yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Iyeyu samanga chisa, amangoikira m'zisa za anzake n'kuthawa.

"Mwalera bwino, achemwali," anatero Nakuku. "Ndabwera kudzatenga mwana wanga. Taonani mizereyo, ndi yakwathu."

"Mizere ndaiona," anayankha Timba, osatekeseka n'komwe. "Koma Timba sachepa ndi mazira ake, ngakhale osiyiridwa. Muitaneni ndi dzina lake. Akavomera, mutengeni."

Nakuku anayamba wakhosomola kaye. Anayesa dzina la agogo ake, mwana ali duu. Anayesa la amalume ake, mwana akungodzikanda m'phiko. Anatchula mayina onse akwawo mpaka mawu anasasa.

Apo Timba anaitana chapansipansi: "Alikuti."

Chimwana chija chinatembenuka msanga n'kumuyasamira kukamwa.

"Mwana amapatsidwa dzina potuluka m'chikuta, mayi," anatero Timba akudyetsa mwanayo kambozi. "Inu tsiku limenelo munali kuti?"

Mpaka lero Nakuku amangouluka mtengo ndi mtengo, kufuula mayina ongoganizira. Palibe mwana amene anamuvomerapo.