Tebulo la Kampani

Wakubanki ananena kuti afika m'mawa, ndiye Bwana Mapampu anayamba kutuluka thukuta dzuwa lisanatenthe n'komwe.

Dzinali anam'patsa ndi amisiri owotcherera zitsulo a kutsogolo kwa ofesi yake. Iye anali wobwera, wochokera kutsidya kwa malire, ndipo kampani yake yogulitsa mapampu othirira mbewu inali ndi zonse zapapepala: chiphaso, chilolezo, chidindo. Chomwe inalibe ndi akaunti. Gulu la alimi lomwe linaitanitsa mapampu linanena mosapsatira mawu kuti sililipira munthu m'thumba, limalipira kampani kubanki, ndipo sabatayo ikatha popanda akaunti, likagula kwina. Kubanki nako anam'bweza mwaulemu. Anati mlendo sitimutsegulira tisanaone ndi maso athu pomwe amagwirira ntchito.

Pomwe amagwirira ntchito! Kachipinda ka kuseri kwa owotcherera, momwe mpaka dzana munali mapampu achitsanzo ndi ndowa yovundikira yomwe mwini kampani ankakhalira basi.

Nzeru inachokera kwa mkazi wake. Mayi wina wa kutchalitchi kwawo ankabwereketsa katundu wa m'nyumba mwake, pakamtengo kochepa, kwa anthu ofuna kuoneka bwino masiku owerengeka. Choncho dzanalo munalowa tebulo lalikulu ndi mipando yake. Tebulolo linali ndi chipsera cha simbi pakona, anachibisa ndi kalendala. Mwendo umodzi unali waufupi, anauchirikiza ndi katoni yopinda. Mpando wa alendo unali ndi kamsomali kosuzumira kumanzere.

"Mayi, izi ndi zamanyazi," anadandaula Bwana Mapampu kwa mkazi wake. "Kwathu sindinanamizepo munthu."

"Walira mvula walira matope, bambo. Konzani tayiyo, yapindika."

Mkazi wa Bwana Mapampu anavala magalasi a mchemwali wake n'kukhala pakona ngati sekilitale. Chikwatirane anali asanatchulepo mwamuna wake kuti bwana, koma tsikulo ankayeserera liwulo mpaka m'bafa.

Wakubanki anafika wapansi. Anali bambo wamtali, wa suti yakuda yonyezimira m'zigongono, nsapato zopolisha bwino koma zodyeka kuzidendene. Anapereka moni wansangala ali pakhomo. Atangoponya phazi m'kati, nsangala ija inazima ngati nyali yothera mafuta.

Anaima. Anayang'ana tebulo. Anayang'ana mipando. Anayang'ananso tebulo.

Basi zadziwika, Bwana Mapampu anadziuza mumtima. Anthu awa amayendera maofesi tsiku ndi tsiku, katundu wobwereka amamumva fungo.

"Khalani pansi, bwana," anatero Bwana Mapampu.

Mlendoyo anakhala, koma chakumanja kwa mpando, kupewa kamsomali kaja osakayang'ana n'komwe. Maso a munthuyu, abale! Anatsegula chikwama n'kuyamba mafunso. Mwakhala pano kuyambira liti? Katundu mumasunga kuti? Ankafunsa maso ali pansi, monga amachitira munthu waulemu akakugwira bodza koma safuna kukuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wako. Ulemu umenewo ndi umene unkamupweteka kwambiri Bwana Mapampu. Bola akanangomukalipira.

Polemba, tebulo linagwedera. Wakubanki anatambasula phazi n'kukankhira katoni ija m'malo mwake, tebulo linakhazikika. Sekilitale anatsokomola, magalasi anatsetserekera pamphuno.

Kenako zinafika poipa. Mlendoyo anagwira kalendala n'kuisuntha pang'onopang'ono, chipsera cha simbi chinaonekera chonse, chakuda bii. Anachisisita ndi chala nthawi yaitali. Kunja makina owotcherera ankalira.

Bwana Mapampu anaona zonse zikugwa: alimi akukagula kwina, chilolezo chikutha ntchito, iye akukwera basi yobwerera kwawo ndi chikwama chomwe anabwera nacho, abale ake akufunsa kuti kampani ija ili kuti. Manyazi anam'gwira. Anaona kuti kuli bwino adzigwetse yekha asanagwetsedwe.

"Bwana, ndisakutayitseni nthawi. Mapampuwo ndi anga. Mapepalawo ndi enieni. Koma tebuloli ndi mipandoyi..."

"Sindinakufunseni za tebulo," anadula wakubanki msangamsanga. Thukuta linali litamera pachipumi pake nayenso. Anasuzumira kwa sekilitale, n'kubweza maso.

Anabwezera kalendala pachipsera mosamala, n'kuiwongola m'mbali. Anapita kukagwiragwira mapampu aja, n'kufunsa mafunso awiri atatu anzeru ndithu. Atabwerera anasaina, n'kudinda.

"Akaunti yanu itsegulidwa mawa. Mudzabwere ndi pasipoti."

Bwana Mapampu anangoti kukamwa yasa. Sekilitale anaiwala udindo wake n'kuomba m'manja, amvekere, "Bambo, mwamva?"

Komabe manyazi sanachoke. Munthu wakuchitira chifundo atakuona umphawi wako wonse, umam'thokoza bwanji? Bwana Mapampu anam'perekeza mpaka pakhomo, mutu uli pansi, akufunafuna mawu.

"Bwana, mwandikwirira maliseche. Sindidziwa kuti ndinene chiyani."

Wakubanki anayang'ana uku ndi uku, kuonetsetsa kuti owotcherera aja sakumva. Anasendera pafupi, maso ali pansapato zake.

"Inunso mundikwirire, achimwene. Kuntchito asamve," ananong'ona. "Koma tebulolo mukabweze lero. Chichokereni ilo, ana anga akudyera pansi."