Batire Limodzi Silikwanira

Noeleen anapotozanso kiyi. Lole inangodzuma kamodzi n'kukhala chete. Kumbuyo ng'ombe zake zinkalira, zitapanikizana m'lolemo padzuwa la m'chipululu cha Pilbara.

Warrick, wokumba zitsime, yekhayo amene anadutsa mumsewumo chiyambire m'mawa, anasuzumira mabatire awiri a loleyo n'kuyamba kukulunga mawaya ake odzutsira galimoto.

"Yanuyi ndi ya mavolti 24, mayi. Kagalimoto kanga n'ka 12. Sikangaidzutse."

"Anaisintha ndi malemu amuna anga," anatero Noeleen. "Ankati izilira msanga kukazizira."

"Kuzizira kwake kuti, kunoko?"

Ng'ombe imodzi inagwada, zinzake n'kuyamba kuiponda. Noeleen anayang'ana chipululu chopanda mpanda, chopanda mthunzi, kumene ng'ombe ikapita sibwerera. Kenako anapita kumbuyo kwa lole, natsegula chitseko kuti ng'ombezo zituluke.